Nyenyezi Yopindika Nsonga

Kachikombole kaja kanali kopangidwa ndi chitini cha mkaka waufa. Ukakatembenuza, m'kati mwake munkaonekabe zilembo zofiira zomwe sizinafufutike. Kanali ka nyenyezi, kodulira mabisiketi, ndipo nsonga zake zinali zowongoka bwino kupatula imodzi yomwe inapindikira kumanzere ngati khutu la galu. Amayi ankakasunga m'kabati, kokulunga m'kansalu, pamwamba pa mbale za alendo, ndipo kankatuluka mu Disembala mokha. Ndikakagwira ndi manja osasamba, ndiye kuti ndaputa mthiko.

Anakapanga ndi atate. Ntchito yawo inali yokhoma malata kumsika wa m'tauni: mbaula, zidebe, mafanelo, mathireyi. Nsonga yopindikayo sikunali kuphonya ayi, ankati ndi chizindikiro cha dzanja lawo. Azimayi a mu Mtendere momwe tinkakhalamo anayesa kuwachonderera kuti awapangireko, koma atate ankangopukusa mutu.

"Iyi ni ya nyumba yanga chabe," ankatero. "Mu Lusaka yonse simuzaipeza ina."

Akamatero, amayi ankabisa kumwetulira ndi nsonga ya chitenje. Ine ndiye ndinkanyada mpaka kunyansa anzanga. Ndinali mu giredi folo chaka chimenecho, kamtsikana kakamwa kosatseka, ndipo panalibe mwana pa mzere wathu wa nyumba yemwe sanamve kuti nyenyezi yathu ndi imodzi yokha mu Lusaka.

Tinalibe uvuni. Amayi ankathira mchenga m'mphika waukulu, kuuika pa mbaula, kuyala mabisiketi pa kathireyi m'katimo, kenako kuunjika makala amoto pa chivundikiro. Mtanda ankaufutukula ndi botolo. Ankathiramo majarini, nsinjiro pang'ono ndi khungu la ndimu lopala, ndipo fungo lake linkadutsa mpanda wamaudzu mpaka ana a aneba kuyamba kuzungulira pakhomo pathu ngati ataya kanthu. Mvula ikagwa n'kuzizira, amayi ankaphika koko mwa njira yomwe atate ankaikonda: jinja wosinja, mkaka wambiri, ndi kamchere kotsina ndi zala. Anzanga ankati mchere mu koko ndi misala. Ine ndinkati iwowo ndi amene sadziwa kumwa.

Panali lamulo lina m'nyumba mwathu. Mwana ukapatsidwa chakudya kwa eni, sumaliza chonse. Umasiyako, n'kubwera nacho kunyumba kuti amayi aone zomwe wadya ndiponso adziwe woyenera kumuthokoza. Ndinkalitsata lamuloli kuposa malamulo khumi aja a ku tchalitchi.

Atate sankagona kunyumba masiku onse. Ankati akulondera katundu kumsika chifukwa cha akuba. Pa Khirisimasi ankafika dzuwa litapendeka, n'kungotola nthuli imodzi ya nkhuku, ati mimba yawo sigwirizana ndi mpunga. Lero ndikaganiza, ndimachita kudzimenya pantchafu. Munthu wamkulu, wogwira nyundo tsiku lonse, kukhuta nthuli imodzi pa Khirisimasi? Koma abale! Tinali ndi maso, koma tinkangoyang'ana nyenyezi.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, aphunzitsi athu a Sande Sukulu anatitenga ana a kwaya kupita ku Kanyama, kukayeserera nyimbo pamodzi ndi ana a mpingo wa kumeneko. Tinakwera minibasi, kuimba njira yonse mpaka kondakitala kutitukwana. Tisanamalize ndi nyimbo zomwe, mvula inakhuthuka. Amene amaidziwa Kanyama akudziwa zomwe ndikunena. Madzi analowa m'tchalitchi, mapatapata athu n'kuyamba kuyandama pansi pa mabenchi. Azimayi a mpingowo anatigawana, ndipo ine ndi anzanga angapo pamodzi ndi aphunzitsi tinathamangira m'nyumba ya mayi wina wamtali, wa duku lobiriwira.

Tinali titanyowa chonyowa, mano akugundana. Mayiyo anatikhazika pamphasa, n'kuuza mwana wake kuti aike ketulo pamoto. Mwanayo anali mtsikana wamkulu ndithu, wa ku sekondale, wa mpata pakati pa mano akutsogolo ngati wanga. Anatigawira makapu. Nditangopsontha, ndinaima. Jinja, mkaka, ndi pansi pa lilime kamchere kaja.

Ndisanatsegule pakamwa, mbale inafika. Mayo ine! Nyenyezi zokhazokha, ndipo iliyonse nsonga imodzi yopindikira kumanzere.

"Iyi ni nyenyezi yathu!" ndinakuwa.

Anzanga anaseka. Mayi uja anasekanso, n'kufunsa mokoma, "Yanu bwanji, mwana wanga?"

Ndiye ndinamasula zonse. Ndinati atate anga amakhoma malata kumsika wa m'tauni, anapangira amayi anga okha, mu Lusaka yonse mulibe ina. Ndinatchulanso za mchere wa mu koko. Aphunzitsi ananditsina pa ntchafu, koma kamwa yanga ikanyamuka inalibe mabuleki.

Mtsikana uja ndi amene anandidula. "Iwe, usaname," anatero. "Ba dadi banga ndiye banapanga. Ni ya nyumba yathu chabe."

Anakatenga kachikombole kawo kuti ndione. Kanali kakuda, kothetheka m'mphepete, chogwirira chake chowotcherera kawiri. Ndinakayang'ana monyoza. Kathu kankawala.

Mayi uja sanasekenso. Anaika ketulo pansi pang'onopang'ono ngati ndi dzira. Anandiyang'ana pamphumi, m'makutu, kenako anati ndimwetulire. Ndinamwetulira. Anatembenuka kuyang'ana mano a mwana wake. Anandifunsa dzina la atate, ndinatchula. Anandifunsa komwe timakhala, ndinatchula. M'nyumbamo munangotsala phokoso la mvula pa malata ndi kudontha kwa madzi m'beseni lomwe anatchera pakona. Aphunzitsi ankangoyang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

Ndinali nditasiya kale bisiketi imodzi pambali, ya lamulo lija. Mayiyo anaiona. Anang'amba pepala, n'kuwonjezerapo zina, n'kundifumbatitsa.

"Upeleke kuli bamai bako," anatero. "Ubauze ati vachokela ku Kanyama."

Pobwerera m'minibasi simunaimbidwe nyimbo. Aphunzitsi anandinong'oneza kuti ndingodya mabisiketiwo pompo, asandiphwanyikire m'thumba. Ndinakana. Ndinkaona ngati akufuna ndiwagawireko. Komanso mtima wanga unali utatupa ndi mkwiyo, chifukwa ndinali nditaupeza mlandu wonse: bambo wa mtsikana uja anaonera atate anga, n'kuwabera nzeru. Ndinkafuna amayi adziwe msanga kuti ku Kanyama kuli mbala.

Ndinawapeza pakhonde akufutukula mtanda, ufa mpaka m'zigongono. Ndinatambasula pepala lija pa tebulo, n'kufotokoza zonse mopanda kupuma. Amayi anatenga bisiketi imodzi. Anatenga kachikombole kathu n'kukaika pamwamba pake. Kanalowa ndendende, nsonga yopindika pa nsonga yopindika.

Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena amanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti tiye ukandionetse. Ayi. Anandifunsa funso limodzi lokha, ndi mawu aang'ono omwe sindinawamvepo.

"Uja mtsikana, ni mung'ono kuli iwe?"

"Awe, ni mukulu maningi," ndinayankha. "Ali ku sekondale. Na chikombole chawo ni chakudala, chakalekale, chakuda bii. Chathu ndiye chanyowani, chatsopano."

Amayi anakhala pansi. Osati pa mpando, pansi penipeni pa simenti yonyowa, miyendo tambalale, botolo likugubuduka mpaka kugwera m'matope. Mabisiketi a mu mphika anapserera, utsi n'kudzaza khonde, iwo osatembenuka n'komwe. Ndinachita mantha. Amayi anga, omwe ankamva fungo la kupserera ali kumpopi!

Masiku otsatirawo atate sanabwere, monga mwa nthawi zonse Khirisimasi ikayandikira. Amayi anapita ku Kalingalinga kwa amalume, mlongo wawo, omwe anali woyendetsa lole. Anabwerako maso ali psuu. Koma anaphikabe. Anagula nkhuku, anachapa makatani, anandiluka tsitsi mondikoka mpaka misozi. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Pa tsiku la Khirisimasi amalume anafika m'mawa, atavala jekete ngati akupita kumaliro. Sanandinyamule m'mwamba monga ankachitira. Kunja ana ankaliza mabaluni, mawailesi akupikisana nyumba ndi nyumba, fungo la mpunga ndi anyezi lili ponseponse. Kwathu tinangokhala, chakudya chovundikira, kudikira.

Atate anafika dzuwa litapendeka, kamvula kakuwaza, atanyamula botolo la zakumwa zosungunula ndi diresi yanga yatsopano, yomwe ndinaivala pomwepo. Anapatsana moni ndi amalume. Amayi anawalandira chipewa, anawapatsa madzi osamba m'manja, atagwada monga mwa masiku onse. Kenako anabweretsa koko wofuka nthunzi, ndi kambale kokhala ndi mabisiketi awiri okha. Imodzi inali yathu, yofiirira ndi nsinjiro. Inayo inali ya ku Kanyama, yotuwirako, yothira shuga pamwamba.

"Lawani yonse yabili," anatero amayi, akadali chogwada. "Muniuze yamene yakoma."

Atate anayang'ana kambale kaja. Anali atakweza kale kapu, ndipo inaima m'malere, pakati pa tebulo ndi pakamwa. Ndinaona koko akutayikira pa thalauza lawo la Khirisimasi, wotentha choncho, iwo osasuntha mwendo. Ine ndinalumpha kuti ndithandize.

"Ba dadi, kuli munthu anakubelani nyenyezi!" ndinatero. "Nayenso akhoma malata, nayenso amwa koko wa mchele!"

Amalume anavula magalasi, n'kupukuta kumaso ndi chikhatho chonse.

"Alamu," anatero amalume, "pamene munabwela kupempha mlongo wanga, ninakufunsani pamaso pa banthu ngati kumbuyo kuli munthu. Munayankha chani?"

Atate anatsegula pakamwa. Chomwe chinatuluka ndi chakuti, "Nenze kufuna kukamba."

Nenze kufuna kukamba! Mpaka lero mawu amenewa akandibwerera ndimamva kutentha m'makutu. Mwana mpaka kufika giredi folo, munthu akufunabe kukamba?

Amayi anadzuka. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kachikombole kaja m'dzanja limodzi, dzanja linalo nyundo yaing'ono ya atate yomwe inkakhala kuseri kwa chitseko. Anakaika pa mwala wa pakhomo pomwe tinkapalira mapazi. Ndinazindikira mochedwa. Nyundo inatsika, ndipo nyenyezi inaphwatalala. Anamenyanso, n'kumenyanso, osalira, osatukwana, mpaka kanangokhala kachidutswa ka chitini, zilembo zofiira zija zili poyera. Aneba anazimitsa wailesi. Ana omwe ankadikira mabisiketi kumpanda anathawa.

Ine ndi amene ndinalira, kulira kogubuduka pansi, diresi yatsopano ili m'matope. Sindinkalirira banja ayi, sindinkadziwa n'komwe kuti pali chikutha. Ndinkalirira nyenyezi. Tsopano ya ku Kanyama ndi yomwe inatsala yokha mu Lusaka yonse, ndipo ndinkaona kuti amayi apereka chipambano kwa mbala ndi manja awo.

Atate anatenga chipewa chawo, amalume n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Sanagonenso m'nyumba mwathu. Ankabwera mwa apo ndi apo ndi shuga kapena nsapato za kusukulu, n'kuima pakhomo ngati wodzawerenga mita ya magetsi. Amayi sanalekeretu kuphika mabisiketi. Ankawadula ndi kukamwa kwa tambula, ozungulira, ndipo m'zaka zotsatira ndi omwewo ankawagulitsa pa geti ya sukulu. Koko ankaphikabe mvula ikagwa. Mchere sanathiremonso.

Madzulo a Khirisimasi imeneyo, kusanade, ndinawapeza amayi akusesa makala pakhonde. Nkhuku inali ikadali yovundikira. Ndinali ndisanakhululuke, ndiye ndinawafunsa chifukwa chomwe anaphwanyira yathu m'malo mokalanda ya anthu oonera aja.

Anaimitsa tsache. "Sibanaonele, mwana wanga," anatero. "Yawo ndiye inayamba."

"Manje ngati inayamba?" ndinakalipa. "Yawo ni yakudala! Yathu inali yanyowani, inali kuwala!"

Amayi anandikokera pamimba pawo. Chitenje chawo chinkanunkha utsi ndi ndimu, ndipo ndinamva thupi lawo lonse likugwedezeka.

Mkazi akamva kuti mwamuna wake ali ndi nyumba ina, amathamangira kuganiza kuti wina wamulowerera. Amayi anafunsa msinkhu wa mtsikana uja ali ndi kachiyembekezo kameneko, kakuti mwina iwo ndi olandidwa. Yankho langa linawauza kuti zaka zonsezo, osadziwa, nyumba inayo inali yathuyi. Izi ndinazimvetsa nditakula, nditavala kale chitenje changa. Tsiku limenelo ndinangoima nkhope ili pamimba pawo, ndikubwereza kuti yathu inali yatsopano, n'kumadabwa kuti bwanji nkhani yabwino chotere ikuwaliza.