Lipenga la Bambo Japhet pa Maliro a Mnzawo

Abale, tembenukani muone moyo wa munthu wofatsa, Bambo Japhet Ndovi, amene amatsuka mabasi kuno ku Glasgow ndipo amakhala okha ku Gorbals. Kutchalitchi kwathu amakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo ambiri sitidziwa kuti amaliza lipenga.

Mnzawo anali mmodzi yekha, Bambo Hershel, Myuda wokalamba woliza kilarineti. Ankakumana m'kachipinda ka pansi ku Hillhead, kumasakaniza jazi ndi klezima, nyimbo za paukwati wa Ayuda zimene zimaseka kwinaku zikulira. Sankapangana za mathero a nyimbo: wina ankayamba, wina n'kutsatira kumene mtima wapita. Omvera ankakhala ochepa, ena n'kutuluka nyimbo ili m'kati, ati ndi phokoso chabe.

Bambo Hershel atamwalira, Bambo Japhet anachita monga tichitira kwathu, kumene maliro opanda nyimbo ndi manyazi kwa otsala. Anakwera sitima ya ku Giffnock, kunyumba kwa malemu, atanyamula lipenga, kuti akamulire mnzawo. Anapeza anamfedwa atakhala pa timipando tatifupi, magalasi a pakhoma ataphimbidwa ndi nsalu. Atangotsegula bokosi la lipenga, mwana wa malemu anaimirira, nawauza mwaulemu koma mosabweza mawu kuti pa masiku a maliro Ayuda saliza choimbira chilichonse. Onse m'nyumbamo anawayang'ana. Njira yokhayo imene ankadziwa yotsanzikirana ndi mnzawo inatsekeka pomwepo, ndipo analunjika kukhomo mutu uli pansi.

Amene anawaimitsa ndi Mayi Leah, mkazi wa malemu.

"Ndinu a lipenga aja? Amuna anga ankadandaula kuti mumalowa m'nyimbo nthawi isanakwane. Lero mwateronso. Khalani pansi, bambo."

Anakhala pansi penipeni, pakapeti, monga akhalira anthu pasiwa kwathu. Anakhala pomwepo ngati amuna atatu aja a m'Malemba amene anakhala pansi pambali pa mnzawo wovutika, poona kuti chisoni chake chinali chachikulu ndithu. Dzuwa litapendeka anabwerera okha ku Gorbals. M'mawa mwake anapitanso, lipenga atalisiya kunyumba, ndipo Mayi Leah anawalozera malo pafupi ndi iwo.

Yehova, amene amakhazika anthu osungulumwa m'mabanja, awasunge Bambo Japhet potuluka ndi polowa. Nanunso owerenga, pa tsiku lanu la misozi, akupatseni munthu wokhala nanu pansi. Ameni.