Funso la chibwenzi linatsala pang'ono kupha a NyaManda

Ndikuvomera poyera kuti ndinatsala pang'ono kutayitsa moyo wa mayi wina chifukwa cha liwu limodzi komanso kudzimva kwanga. Ndine dokotala, kwathu ndi ku Dedza, ndipo pachipatala china ku Chintheche ndimaphunzitsa ophunzira zaudokotala obwera kudzazolowera ntchito. Ndinkawauza kuti pofuna kudziwa ngati wodwala ali pachiopsezo cha HIV, azimufunsa ngati ali ndi chibwenzi. Akati ayi, nkhani yatha.

A NyaManda, mayi wamasiye wa ku Bandawe, anabwera katatu akutsokomola, thupi likunka likutha. Anali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, imvi zili mbuu. Nditawafunsa za chibwenzi anandiyang'ana ngati ndawatukwana, nkuyankha kuti ayi. Ndinachita manyazi, ndikuwapatsa mankhwala a chifuwa.

Ulendo wachitatuwo ndinali ndi Tiwonge, wophunzira wa konkuno. Iye anakhala nawo pafupi, nkuyamba kucheza nawo m'Chitonga za chinangwa ndi za maliro a amuna awo. Ine mtima unali phuu, mzere panja ukutalika. Ndinamuitanira pambali nkumukalipira kuti pano si pamtondo.

Anandiyankha modekha: "Adokotala, ama sananame. Chibwenzi alibedi. Koma alamu awo anawalowa chokolo, ndipo kwa iwo ameneyo si chibwenzi, ndi mwambo."

Inu owerenga, tangoganizani. Zaka zonsezi ndinkafunsa funso loti mayi wolemekezeka sangaliyankhe kuti inde! Tiwonge anangofunsa kuti chichokereni malemuwo, ndani akuwasamala pakhomo, ndipo amagona kuti. Tsiku lomwelo a NyaManda anavomera kuyezedwa, ndipo anapezeka nako kachilombo. Anayamba ma ARV ndi mankhwala a TB. Ndinapepesa kwa Tiwonge pamaso pa anzake onse, chinthu chimene sichinandikomere ngakhale pang'ono.

Patapita miyezi ingapo anatulukira mayi wojintcha, dengu la ufa wa kondowole lili pamutu, moti sindinawazindikire. Kumbuyo kwawo kunali alamu aja ndi akazi awo, akuyenda mwamanyazi. A NyaManda anawakoka okha kuti adzayezedwe. Chimwemwe chimene ndinali nacho tsikulo sindinachimvepo, ngakhale tsiku lolandira digiri.

Lero ndimaphunzitsa mosiyana. Anzanga azachipatala, musayese munthu ndi imvi kapena yunifolomu ya kutchalitchi. Kachilombo sikawerenga zaka. Funsani za moyo wa munthu m'mawu amene iye amautchulira, ndipo wophunzira akakuwongolerani mverani, poti mphunzitsi wouma mutu amagoneka odwala kumanda. Inunso odwala, nenani zonse ngakhale dokotala afunse mopotoka.

A NyaManda akadali moyo, akulima chinangwa chawo. Akandiona amaseka nkufunsa: "Adokotala, nanga inu chibwenzi muli nacho?"