Mfumu ya Njovu pa sikelo ya mtedza

Ndikukumbukira fungo la kuseri kwa sitolo ya mwenye pa Mponela: mtedza wouma, parafini ndi ziguduli. Bambo anga anali telala pakhonde la sitoloyo, nchifukwa chake ine ndinkalowa kumene ana ena ankangosuzumira. Mwana wa mwenyeyo, Salimu, anali msinkhu wanga. Chichewa ankachiyankhula bwino kuposa ena a inu amene mwakhalitsa kuno ku London.

Sukulu ine ndinaithawa msanga, aphunzitsi ankati ndimasokosa. Salimu ndiye anali sukulu yanga. Tikakhala pamatumba ankandifotokozera za mfumu yaikulu ya Chisilamu imene inalamulira India kalekale. Dzina lake linkandipinda lilime, ndiye ndinkangoiti Mfumu ya Njovu, poti inkakwera njovu zolusa zimene asilikali ake ankaziopa. Inalowa ufumu ili kamnyamata, bambo ake atagwa pamasitepe. Inagonjetsa maiko ambirimbiri. Inkaitana Asilamu, Ahindu ndi Akhristu kuti atsutsane pamaso pake, iyo n'kumamvetsera. Koma kuwerenga sinkadziwa, anthu ndiwo ankaiwerengera. Nditamva zimenezo ndinadziguguda pachifuwa, ndinati ameneyo ndi m'bale wanga.

Chinandilowa kwambiri ndi mwambo wake wina. Chaka ndi chaka ankaikhazika pa sikelo, mbali inayo n'kuunjika golide, nsalu ndi tirigu mpaka zilingane, zonsezo n'kugawira osauka. Ndiye taonani, pomwepo pamaso pathu panali sikelo yogulira mtedza, matabwa awiri olendewera pa maunyolo.

Linali Lachisanu masana. Mwenye anatseka kutsogolo n'kupita kokapemphera, bambo anga anapita kukadya. Salimu anandikulunga kumutu nsalu ya patebulo, ine n'kukwera pathabwa, miyendo nditapinda. Unyolo unkazizira m'manja. Iye anayamba kutapa mtedza ndi lichero, kuthira mbali inayo, ine n'kumakwera m'mwamba pang'onopang'ono. Ndikukuuzani anzanga, ndakwerapo ndege, koma sindinakwezekepo ngati tsiku limenelo.

Tinkafuna kuitana tiana tokha ta pamsewu. Koma nditafuula kuti, “Osauka nonse bwerani kwa mfumu!” mawu anakafika kumsika. Kunabwera azimayi ndi madengu, anyamata ndi zipewa, ndi mdala wina panjinga. Mayi wina anati, “Mfumuyi njoonda, ipatseni mwala igwire!” Anandipatsadi, tinayezanso. Kenako anati tiyezenso poti ena sanalandire. Ankandiombera m'manja, ine n'kumangokweza dzanja.

Mwenye pobwera anapeza matumba atagona ngati nsalu, makoko ali mbwee pabwalo. Sanakalipe. Anandivula nsalu ija, anaipinda bwinobwino, anagwira Salimu padzanja, n'kutseka chitseko. Bambo anga ndiwo anayankhula, ndi ndodo yoyezera nsalu. Mpaka lero sindiona chimene ndinalakwa, mfumu imagawa basi. Zikwapu sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka nchakuti bambo anasamutsira makina awo khonde lina, ine n'kundiletsa kupondanso kwa mwenye kuja. Ndinkapitabe mobisa, kuima kumpanda n'kumaitana Salimu. Tsiku lina wophika wawo anatuluka, anati ndisamavutike, mwanayo amutumiza kwa amalume ake ku Limbe. Nditakula ndinamva kuti banja lonse linapita ku Mangalande.

Tsopano ku Mangalandeko ndili ine amene. Mwana wanga wamkazi ndi namwino, ndiye anandiitanitsa. Ndimakhala ku Thamesmead, pamwamba, zenera loyang'ana kumtsinje. Iye amalawirira kuntchito, adzukulu amandiyankha m'Chingelezi, ndikaseka woyandikana nafe amagogoda khoma. Kale kufuula kamodzi bwalo linkadzaza. Kuno ukhoza kugwa pamasitepe ngati bambo a mfumu aja, anthu n'kumangokulambalala.

Loweruka ndimakwera basi ndi sitima mpaka ku Wembley, kumene kuli masitolo a amwenye. Ndikaona mdala wa imvi ndimamupatsa moni wakwathu, mokweza: “Muli bwanji, achimwene?” Ambiri amangondiyang'ana, ena amapita kutali. Koma tsiku lina mmodzi anaima, thumba la anyezi lili m'manja.

“Ndili bwino, kaya inu, bambo?”

Ndinati, “Salimu?” Anapukusa mutu. Iye anakulira ku Zomba, za Mponela sankazidziwa. Koma dzanja langa sanalisiye. Anati, “Yankhulanibe, bambo, chilichonse, ndimveko.” Ndinayamba kumuuza za mvula, za mango, za fumbi la mwezi wa Okutobala. Mwana wake amene ankamudikira analiza hutala, anamukokera m'galimoto, anapita.

Dzina lake sindinamufunse. Tsopano Loweruka lililonse ndimafunafuna anthu awiri.