Laimu m'phanga la a Levison

Alendo akafika kumudzi kwathu kuseri kwa Bembeke kufuna kuona zojambula zakale za m'phanga, aliyense ankangoti, "Pitani kwa a Levison." Amenewo ndi amalume anga. Ankasiya khasu m'munda wa kachewere n'kutsogola, ali wefuwefu. Zofiira ankati n'za Akafula, anthu akalekale. Zoyera n'za amayi a chinamwali. Koma panali chinyama chimodzi choyera, cha madonthomadontho, chimene akafikapo ankavula chipewa. Amene anaika madonthowo ndi chala ndi amayi awo ali namwali, ndipo anawauza okha atatsala pang'ono kumwalira. Chithunzi cha amayiwo panalibe, manda awo anakokoloka ndi madzi. Chotsala chinali madonthowo basi.

Anthu ankawaseka. Munthu wamkulu kumasesa m'phanga ngati pakhomo pa apongozi! Iwo analibe nazo. Ankalimbana ndi osaka mbewa osonkha moto m'menemo, ndi ana asukulu olemba mayina awo ndi makala.

Chaka chatha amalume anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Ndiye kunamveka kuti ansembe abwera kudzadalitsa phangalo kuti akhristu azipempheramo kolona. Kwathu mlendo wamkulu akamabwera timapaka laimu chilichonse, ngakhale miyala ya m'njira. Akazi a amalume, amake Chisomo, ataona mwaye ndi mayina aja anati, "Abambo akatuluka adzapeze pamalo pawo pali mbee." Anaitana anzawo n'kupaka thanthwe lonse, akuimba, ndi mtima wabwino. Mayo ine, mtima wabwinowo! Mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa.

Amalume atatuluka sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Amake Chisomo, ndowa ili kuti?" Anakwera phiri ndi madzi, ine pambuyo pawo, n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono ndi kansanza. Zofiira zinayamba kuonekera, nkhope yawo n'kumasuka. Atafika pamene panali chinyama chija ananyowetsa bwinobwino, napukuta kamodzi. Kodi si dothi loyera chabe limene amayi aja ankajambulira? Chinachoka limodzi ndi laimu, n'kutsala mwala wokhawokha.

Anayang'ana kansanzako nthawi yaitali, madzi oyera akutsikira kuchigongono.

"Pilira," anandiitana, "usakawauze amake Chisomo. Iwo anangophimba. Wafufuta ndine."