Bhoki, Galu wa Azakhali Anastasia

Azakhali anga a Anastasia akalowa mu kombi, minibasi ya kuno, dalaivala amatsitsa yekha wailesi. Ndi aafupi ngati mbiya ya madzi, koma akakuitana ali ku Unit K, iwe uli ku Makoni, umatembenuka.

Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Mvurwi, kumene agogo athu anafikira atachoka ku Dedza. Kuluka anaphunzira komweko, ndi masipoko omwe ankazula pa njinga ya agogo. Akuti agogowo ankangodabwa kuti gudumu likuyenda movina. Famu itatengedwa, azakhali anabwera ku Chitungwiza ndi amuna awo. Amunawo anamwalira, ana anabalalika, wina ku Bulawayo, wina ku Joni. Iwo anatsala ndi masingano awo ndi kamdzukulu, Nyasha, kamene mayi ake anakasiya kasanayambe n'komwe kuyenda. Majuzi a sukulu, zipewa, timasokosi ta makanda, ndiye ntchito yawo. Ana ambiri a ku Unit K anapita ku giredi wani atavala juzi ya azakhali, manja ake aatali dala kuti mwana akulire momwemo.

Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya Mai Ngoni. Roja, wochita lendi, ngati tonsefe. Chipindacho ankachikonda chifukwa zenera lake limalandira dzuwa lam'mawa, ndipo chitsime chili pabwalo pomwepo, madzi a kumpopi akasowa sapita kukaima pamzere. Makasitomala onse ankadziwa geti limenelo.

Mai Ngoni ndi mayi wamtali woyankhulira m'mphuno. Amayamba ndi kukoka mpweya, kenako: "Pamba pangu handidi..." ndiye amatchula. Pakhomo pawo safuna wailesi, safuna alendo ogona, safuna ayironi, safuna galu. Tsono Nyasha, atakwana msinkhu wa ku khireshi, sukulu ya mkaka, anafuna galu yemweyo. Kudzuka galu, kudya galu, kusamba galu.

"Tonthola," anatero azakhali. "Galu wodya sadza aletsa. Ndikulukira wosadya."

Anapita pa mabhero, paja amagulitsa zovala za kaunjika, n'kugula juzi yaubweya, mtundu wake ngati khoswe wa m'ngalande. Anaimasula yonse n'kukulunga ulusiwo. Apa ndi pamene panayambira nkhani, chifukwa ulusi waubweya ndi wamwano. Ulusi wamba ukamaluka umaona sitichi iliyonse, ukalakwa umabwerera. Waubweya umakwirira zonse. Maso alibe ntchito, umachita kufufuza ndi zala. Ukalakwa usaganize zomasula, ubweya wagwirana kale. Ndiye azakhali ankaluka atatsinzina, chibwano m'mwamba, milomo ikuyenda, kuwerenga masitichi m'Chichewa, pena n'kutukwanamo ulusi.

Ndiye taganizani Mai Ngoni akudutsa pazenera ndi tsache lawo. Akuona Mubhurandaya, mmene amatitchulira ife a ku Malawi, atatsinzina, akung'ung'udza chinenero chomwe iwo sachimva, pamiyendo pali kanthu kaubweya kamene kakukula tsiku ndi tsiku. Ndipo mwezi umenewo zinthu zinawavuta Mai Ngoni. Nkhuku zawo zoweta zinafa. Magetsi atabwera mwamphamvu, firiji inapsa. Kombi ya mwana wawo Ngoni inawonongeka n'kukhala pa zidina.

Galu anatha, kupatula mchira. M'mimba anamupakira timasiponji ta matiresi akale. Maso, mabatani ofiira, poti ndi omwe analipo m'chitini. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: galu ameneyo sanali wokongola. Mwendo umodzi unatalika, khosi linalibe, khutu limodzi linkayang'ana ku Harare, linalo ku Marondera. Koma Nyasha anamupsompsona n'kumutcha Bhoki. Azakhali anati akununkhabe bhero, anamuchapa n'kumuyanika pa waya, pegi pakhutu.

Linali Loweruka m'mawa, ine ndili pakhonde ndikuluka Nyasha tsitsi. Mai Ngoni anatuluka ndi beseni la zochapa. Anasuntha shiti pa waya, n'kukumana maso ndi maso ndi Bhoki, akudontha madzi, mphepo ikumuzunguza pang'onopang'ono.

"Maiwe-e! Chikwambo! Chikwambo pamba pangu!"

Beseni uko, iwo uko, silipasi imodzi inatsala pansi pa waya. Kwa inu a kumudzi, chikwambo ndi ngati ndondocha, kachinthu kamatsenga komwe amati munthu amakaweta kuti kazimubera mwayi kwa anzake. Anthu anadzaza pampanda tisanamalize n'komwe kuseka.

Azakhali anatuluka akupukuta manja. "Mai Ngoni, chavuta n'chiyani? Ndi chidole cha mwana."

Mai Ngoni ankayankha m'Chishona, ine ndikuikirani m'Chichewa, koma mphuno muikemo nokha. "Chidole? Chidole chimene mumachiyankhula mutatsinzina? Ndakhala ndikukuonani, Mbuya Nyasha! Nkhuku zanga! Firiji yanga! Inu anthu a kwanuko timakudziwani!"

"Kwathu kuti?" anafunsa azakhali. Mawu anatsika, ndipo azakhali mawu akatsika, thawa. "Ine mchombo wanga uli ku Mvurwi. Ku Malawi ndinakuona pa kalendala. Kwathu kuti, Mai Ngoni?"

Mai Ngoni anathamangira foni. Masana asanakwane anafika Madzibaba Kefasi, mneneri wa mapositori, mkanjo woyera, mutu wometa mpala, ndevu mpaka pachifuwa, ndodo kudzanja ili, botolo la madzi kudzanja ilo. Amayankhula ngati njinga yamoto yokana kulira: "Hrrr... hmmm... hrrr." Anazungulira waya ali chapatali ndithu. Ananunkhiza mphepo. Kenako anati, "Chinthu ichi chawoloka mitsinje yambiri."

"Eya," anatero azakhali, "chabwera mu bhero. Chawoloka ndi nyanja yomwe."

Anyamata pampanda anaseka, amayi anawakodola kuti akhale chete. Madzibaba anatsegula botolo n'kuyamba kuwaza. Anawaza waya, anawaza khoma, anawaza ine, kenako anamukhuthulira Bhoki madzi onse otsala.

"Aaa, bambo inu!" anakuwa azakhali. "Anali atatsala pang'ono kuuma!"

Anamuchotsa pa waya, kumufinya bwinobwino anthu onse akuona, kumukutumula, n'kumuyanikanso, tsopano pa khutu linalo. Mayi wina pampanda anagwira mwana wake m'maso.

A Saulos, roja mnzawo wa chipinda chapakati, mwana wa kwathu yemwe, anayandikira n'kunong'ona m'Chichewa. "Achemwali, ingong'ambani pamimbapo aone masiponji, nkhani ithe. Tonse tikhala pamavuto pano."

"Ulusi uwu ukaudula sulumikizika, achimwene. Komanso ndiphe galu wa mdzukulu wanga chifukwa cha firiji ya eni? Firiji inagulidwa Ngoni asanamere mano?"

Madzibaba anagogoda ndodo pansi. Chigamulo chinali chakuti chinthucho chitenthedwe pabwalo pomwepo, anthu akuona, phulusa likatayidwe pamphambano. Mai Ngoni anakoka mpweya wawo uja. "Mwamva. Chipse lero, apo ayi mwezi ukatha chipinda changa ndichipeze chopanda munthu."

Nyasha anali atagwira chitenje cha agogo ake, tsitsi theka loluka theka loimirira. Azakhali anamuyang'ana, anayang'ana zenera lawo, kenako anati, "Machesi anu sungani, muyatsire mbaula."

Madzulo ake ine ndinayesa. Ndinati, "Azakhali, chipinda ku Chitungwiza n'chovuta. Tenthani, mulukenso wina mwakachetechete, wamaso akuda."

"Iwe Tarisai, mutu wako uli ndi nthabwala zokhazokha. Ndikatentha, ndavomera. Mawa azinena kuti Mubhurandaya uja anali nacho, Madzibaba anachitentha. Mwana wina akadwala chimfine, abwera pakhomo panga. Nyasha akadzakula azidzamuloza kuti agogo ake ankaweta chikwambo. Wamva? Bola ndigone panja, koma ndisanamizire galu wanga."

Kuyambira Lolemba anasamutsa ofesi. Anatenga mpando n'kukhala pa geti penipeni, Bhoki pamiyendo, akumulukira mchira. Atatsinzina, akuwerenga mokweza dala. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni. "Mamuka sei, Mai Vongai? Bwerani mumugwire, saluma!" Mai Vongai ankawolokera tsidya lina la msewu, chidebe chikutayikira pamutu. Amayi ena anabwera kudzatenga majuzi a ana awo asanathe, masingano ali momwemo. Azakhali ankasolola masingano n'kuwapatsa. "Tengani. Dzanja linalo akakulukireni Madzibaba."

Bambo wina wogulitsa nyama yootcha anabwera ngati akufunsa njira, n'kuwerama. "Gogo, bizinesi yanga siyikuyenda. Simungandipangireko kanga, kakang'ono?" Azakhali anamuthamangitsa mpaka pa kona ndi singano yolukira.

Mchirawo unatalika kuposa galu mwini wake, chifukwa azakhali anakana kusiya kuuluka.

Kusaka chipinda ndiye kunali ntchito. Mbiri inkayenda patsogolo pathu. Ku Unit C tinapeza chikwangwani pa geti, tinagogoda, mwini nyumba anatiyang'ana n'kunena kuti chipinda changotengedwa kumene, uku akutseka geti ndi phazi. Kwina anatifunsa kuti, "Ndinu aja a kachinthu?" Azakhali ankayenda naye Bhoki m'chikwama, ndipo paliponse ankamutulutsa asanafunse n'komwe za chipinda. Ine ndinkati, "Azakhali, tayambani mwalonjera kaye!" Iwo ankati, "Amuone lero, asadzakuwe mawa."

Ku Unit O tinafika kwa Mai Rukiya, mayi wachisilamu, makolo awo a ku Mangochi, amagulitsa masamusa. Azakhali anamuika Bhoki patebulo. Mai Rukiya anavala magalasi, anamunyamula, anamutembenuza, anamutsina pamimba.

"Ichi n'chiyani, mbuzi?"

"Galu."

"Galu anagundidwa ndi kombi?"

Azakhali anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma chinatuluka ndi chiseko. Chipinda chinalipo. Chaching'ono, denga lotsika, zenera loyang'ana khoma la chimbudzi, madzi okatunga kutali pa chibhorani, mjigo wa kuno. Azakhali analowa, anatambasula manja, anagunda makoma onse awiri. Kenako anati, "Tibwera Loweruka."

Loweruka m'mawa tinabwereka ngolo yokankha. Tikumanga matiresi, Mai Ngoni anatuluka. Sanakoke mpweya. Anaima pafupi ndi azakhali, akuyang'ana pansi, n'kuyankhula motsitsa kuti a pampanda asamve.

"Mbuya Nyasha, takhala limodzi zaka zonsezi. Munandisungira nyumba nditagona m'chipatala. Roja wina sindikumudziwa. Tiyeni tichite chonchi: chibiseni pansi pa sutikesi, chisatulukenso. Ine ndiwauza anthu kuti tinatentha. Inu mukhale."

Ine mtima unati phaa, ndinayamba kale kumasula chingwe. Azakhali anandimenya padzanja.

"Muwauza kuti tinatentha chiyani, Mai Ngoni?"

"Aa, basi, kuti tinatentha."

"Ayi. Mukafuna ndikhale, pitani pampanda apo, muwauze kuti ndi ulusi ndi siponji, munachita mantha ndi chidole cha mwana. Mawu anu aja a m'mphuno, amve onse. Ndimasula katundu pompano."

Mai Ngoni anayang'ana kumpanda. Mitu inali ndandanda, Mai Vongai patsogolo. Anayang'ana Bhoki m'manja mwa Nyasha. Kenako anakonza duku lawo, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono.

Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mwachangu, ngati mwalowa fumbi. "Tarisai, manga bwino chingwecho." Anamunyamula Nyasha n'kumukhazika pamwamba pa matiresi, Bhoki pamiyendo pake, maso ofiira kuyang'ana kutsogolo, mchira ukulendewera m'mbali mwa ngolo.

Wokankha ngolo anafuna kudzera kanjira kachidule ka kuseri. Azakhali anati ayi, msewu waukulu, pa mashopu, ndipo asathamange. Iwo anayenda patsogolo, handibegi pamkono, nsapato za kutchalitchi, akupereka moni nyumba ndi nyumba, aliyense ndi dzina lake. Ena anayankha, ena analowa m'nyumba. Tikudutsa pa mashopu Nyasha anayamba kuuwa, "Hu! Hu! Hu!" kumuuwira Bhoki. Wokankha ngolo anati, "Gogo, muletseni mwana, anthu akutiyang'ana."

Azakhali sanatembenuke. "Uwa kwambiri, Nyasha. A ku Unit O adziwe kuti tikubwera."