Thobwa la Agogo NaPhiri

Fungo la fodya wouma m'chigafa likangondidutsa pamphuno, amene amandibwerera ndi agogo NaPhiri, mayi awo a bambo anga, atakhala pamphasa kwawo ku Njombwa akusoka masamba, zala zili bii ndi utomoni wa fodya, maso osakhala pantchito koma pa aliyense wolowa pabwalo. Agogo sankakhulupirira munthu. Mlendo akayamikira mbuzi zawo, akangochoka agogo ankapita kukaona chitseko cha khola.

Pasaka aliyense fuko lonse linkasonkhana kwawo, azakhali, abambo aang'ono ndi chinamtindi cha ana, utsi wa nkhuni zonyowa uli tolo, nkhuku zikulira kuseri kwa khitchini. Ife tinkachokera ku Boma, kumene mayi ankaphunzitsa. Mayi nawonso anali ndi chawo kumtima. Mchimwene wanga Dalitso anamwalira ine ndisanabadwe, atangobwerako kumudziko. Kuchipatala anati ndi malungo, koma mayi sanakhutire. Choncho chaka chimene ndinayamba sukulu, tikutsika minibasi, anandikonza diresi langa loyera n'kundinong'oneza kuti, "Usatalikire. Ndipo agogo ako akakupatsa kanthu pawekha, usadye."

Lamulo loyambalo linapita ndi mvula ya masana. Asuweni anga anandikokera kunkhuti, dzenje lalikulu limene anakumbamo dothi la njerwa, ndipo kumeneko tinkakhala pamatumba a feteleza n'kutsetsereka mpaka m'madzi ofiira, thibu! Tinaumba ng'ombe zadothi, tinagendana matope, ena mpaka kulowa m'makutu. Sindinasangalalepo choncho chibadwire.

Anandipeza ndi agogo. Sanakalipe. Anangondigwira pamkono mpaka kuchitsime, n'kuyamba kundikwecha miyendo ndi chitsononkho ngati akutsuka mphika.

"Iwe, chimanga chootcha ndinakupatsa m'mawa chija unaponyeranji galu?"

"Ndinalibe njala, agogo."

"Bodza. Wa njala ndimamudziwa. Amayi ako anakuuza chiyani za ine?"

Ndinayang'ana madzi amatope akuyenderera kumapazi. Mantha anandigwira, pakuti ngakhale ndinali mwana ndinadziwa kuti yankho langa likhoza kutitsekera njira ya ku Njombwa. Koma maso a agogo sankabisidwa kanthu. Ndinanena zonse. Chitsononkho chinaima. Kenaka anapitiriza kukwecha, pang'onopang'ono tsopano.

Titabwerera, anthu anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi akuzungulirazungulira kundifunafuna. Agogo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikho cha thobwa. Kwathu mwini nyumba amayamba walawa asanapereke chakumwa kwa mlendo, amati kuchotsa ufiti, ndipo kawirikawiri zimachitika mwanthabwala. Tsikulo panalibe woseka. Agogo anaima pakati pa bwalo, anamwa mpaka theka, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Amake Dalitso," anatero, kutchula dzina limene aliyense ankalizemba, "mwana uja ndinamubereka kumbuyo kuno ine. Ngati mukuti ndinamudya, nenani pano pali anthu. Ngati ayi, landirani."

Bambo anayesa kudzuka, azakhali n'kuwakoka malaya. Mayi akanakana, ukanakhala ulendo wathu womaliza, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Mayi anagwada, analandira ndi manja awiri, n'kuika chikho pakamwa. Ine ndinali chapafupi, tsitsi likudontha madzi, koma dzanja lawo linaphimba khosi. Sindinaone ngati anameza.

"Zikomo, amayi," anatero mayi pobweza chikho.

Agogo anasuzumira m'chikhomo nthawi yaitali, monga ankasuzumira m'khola muja, n'kuchiika pansi.

Tinapitabe ku Njombwa zaka zonse zotsatira. Awiriwa ankapatsana moni mwaulemu, kusenda nyemba pamphasa imodzi, koma sindinawamvepo akuseka limodzi. Mayi atakalamba ndinawafunsa ngati anamwadi thobwa lija. Anangoti, "Unali mwana iwe," n'kuyamba nkhani ina.

Onse awiri anapita. Lero fuko limasonkhana pakhomo panga ku Lukwa, ndipo ana ndimawasiya agubuduke m'matope mmene angafunire. Koma ndikapereka chikho kwa mkazi wa mwana wanga, ndimapezeka ndikumuyang'ana pakhosi, ndipo zimandipweteka kuti sindidziwa ngati maso amenewa ndinatengera agogo kapena mayi.