Tamanda ndi Nsomba za m'Magalasi ku Ndola

Tinanyamuka kwathu ku Kwacha, komboni ya ku Kitwe, Loweruka m'mawa, ine ndi mwana wanga Tamanda wa zaka zisanu, kukaona nsomba zamoyo za m'magalasi zimene munthu wina anabweretsa ku Ndola. Chibadwire, mwanayu ankangodziwa kapenta wouma ndi nsomba za mufiriji. Atamva kwa anzake kuti kumeneko kuli nsomba yaikulu kuposa iye, m'nyumba mwathu tinasowa mtendere.

Vuto linali atate anga, amene timakhala nawo. Anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka fumbi linawawononga chifuwa, ndipo m'masiku a korona amenewo dokotala anatiuza mosabisa kuti akangoitenga, basi kwatha. Tisanatuluke anamuitana Tamanda pakhomo la chipinda chawo.

"Iwe mkazi wanga," anatero, monga amamusekera mdzukulu wawoyu, "ukakavula masiki pagulu, kapena kudzipanikiza pakati pa anthu, ukatsale kwa azakhali ako ku Ndola masabata awiri. Ine chifuwa n'chimodzi chomwechi."

"Ndamva, agogo."

Ine ndinaseka chamumtima. Mwana woti nsapato amavula tisanafike ndi pageti pomwe!

M'tauni ya Kitwe tinakwera minibasi ya ku Ndola, fifite kwacha, Tamanda pamiyendo panga. Kondakitala ankakuwa m'Chibemba kuti mipando ilipo yambiri, koma ine ndinakhalira theka la mpando, theka linalo thumba la mbatata la munthu wina. Mamasiki onse anali pazibwano. Titadutsa mlatho wa Kafue, dalaivala anati, "Apolisi kutsogolo!" Eee, basi yonse inavala nthawi imodzi. Titangowadutsa, mphuno zonse pamtunda.

Pamphambano ya ku Luanshya mayi wina anagula zitumbuwa pawindo n'kumupatsa Tamanda chimodzi. Analandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuchiika m'chikwama changa.

"Sakonda?" anafunsa mayiwo.

"Ndikadya kopanda anthu," anayankha yekha. Ndinamuyang'ana kawiri mwanayu.

Tinafika ku Ndola dzuwa lili pamutu. Nsombazo anaziika m'holo ina pafupi ndi siteshoni, kulowa sate kwacha. Pakhomo anatipopera m'manja sanitaiza wonunkha ngati kachasu. M'chipinda choyamba munali timagalasi tating'ono ndipo anthu anali apatali apatali. Mayo ine, nsomba zake! Zachikasu, zamizeremizere, zina zamichira ngati diresi la mkwatibwi, ndi ina yonyansa yongokakamira pagalasi n'kumanyambita. Tamanda anamufunsa mnyamata woyang'anira ngati izi amakazinga, mnyamatayo n'kuseka mpaka kugwira khoma. Mkatimo munkatentha, masiki a mwana ananyowa ndi thukuta, koma sanawakhudze.

Nsomba yaikulu ija inali m'chipinda chakumbuyo. Titafika pakhomo pake ndinaima. Anthu anadzaza thothotho, mawindo mulibe, ana pamapewa a makolo, wina akutsokomola, mamasiki m'matumba. Tinadikira mwina achepa, koma ankangowonjezeka. Kuchokera pamene tinaima tinkangoona kuwala kwa madzi padenga ndi kumva ana akukuwa nsombayo ikatembenuka.

Mwana wanga anaima ndi zala zakumapazi, khosi atatalikitsa. Mtima unandiwawa. Ulendo wonsewu, tibwerere pakhomo?

"Tiye tingolowa pang'ono, ndikunyamula," ndinamunong'oneza. "Agogo sadziwa."

Anayang'ana gulu lija, kenako ine. Misozi inayamba kutsikira m'masiki.

"Ayi amama. Ndikufuna kubwerera kwa agogo lero."

Ndipo ndi iyeyo anandikoka dzanja. Tinatuluka, tinakakhala patsinde pa mtengo kuseri kwa holo, kumene kunalibe munthu. Analira mokwanira, anadya chitumbuwa chake, n'kuvalanso masiki popanda wina kumuuza.

Pobwerera anagona njira yonse. Tinafika ku Kwacha dzuwa likulowa. Ndinamusambitsa, kumusintha zovala, kenako anakaima pakhomo la agogo ake.

"Nanga nsomba yaikulu ija, ndi yotalika bwanji?" anafunsa atate.

"Sindinaione, agogo. Munali anthu ambiri."

Atate anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti n'zoona. Anasendera kukhoma kuti pabedi papezeke malo.

"Lowa, dzakhale apa," anatero. "Ndagwira ntchito ndi amuna andevu amene sakanatha zimene wachitazi."

Ndinathawira kukhitchini kuti asandione ndikulira. Ndimamunyadira mwana wanga, ndipo sindibisa. M'mawa ndinanyamuka ndikudziona ngati ndine woyang'anira mwana, koma kunena zoona, tsiku limenelo amene anasunga moyo wa atate anga ndi Tamanda.